Ulusi Wopotana

1. Mpando wong'ambika

Mpando wa pabalaza unang'ambika pomwe munthu amatsamiritsa mkono, ndipo siponji inkasuzumira panja. Alendo akagogoda, Amayi ankathamanga kukakhala pamenepo okha kuti abise chibowocho ndi chigongono.

Mwana wawo wamkazi anaona zimenezi kangapo. Anthu onse a pamdadada wa nyumba za lendi pomwe ankakhala ankamutchula kuti Kamanzere, chifukwa chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere. Sukulu itatsekera, iye anapita kwa Azakhali ake, omwe ankakhala chipinda chakumapeto kwa mdadada womwewo, kukawapempha kuti amuphunzitse kuluka choyala pampando.

"Choyala chathunthu?" Azakhali anaseka. "Iwe amene sunagwirepo singano? Uyambe ndi tizigamba. Kachigamba kamodzi ka ngodya zinayi, kukula ngati chikhatho chako. Ukatha uluke kena. Tikachuluka tidzalumikiza, ndiye choyala chimenecho."

Anamupatsa singano yolukira, yachitsulo, yokhala ndi kambedza kunsonga. Chifukwa cha manzerewo, anamukhazika moyang'anana nawo kuti azitsanzira ngati akuyang'ana pagalasi.

"Yamba ndi kaunyolo kakafupi, ukalumikize kakhale kamphete. M'kamphetemo imika timizati titatutitatu. Pangodya uzisiya kampata, chifukwa ukazungulira kachiwiri udzalowera pomwepo."

Kachigamba koyamba kanatuluka kopindika ngati chisoti cha chidole.

"Ukukoka ulusi ngati ukumanga mbuzi," anatero Azakhali. "Masula, uyambirenso."

Kachiwiri kanali ndi ngodya zisanu. Kachitatu kanagona bwinobwino patebulo. Koma ulusi umene Azakhali anamupatsa unali wotsalira, ndipo unatha tizigamba tisanakwane ngakhale kubisa chibowo chija. Amayi anati ulusi wina adikire mwezi uthe, Bambo alandire malipiro kuntchito.

2. Thumba la Shuga

Chipinda choyang'anana ndi mpopi munkakhala mtsikana wina wokulirapo pang'ono. Ankakhala ndi achimwene ake oyendetsa lole, omwe ankatha masabata ali pamsewu. Dzina lake lenileni anthu analiiwala. Ankangoti Shuga, chifukwa pakamwa pake panali potsekemera.

Tsiku lina anamupeza Kamanzere atakhala pakhonde, singano ili m'manja koma ulusi palibe.

"Achemwali anga okongola, mwakhala ngati msodzi wopanda nyambo bwanji?" anatero Shuga. "Ndiphunzitse kuluka, ine ndibweretsa ulusi."

Mawa lake anabwera ndi thumba la pulasitiki. Munali mipukutu ya ulusi wachikasu, wotuwa ndi wobiriwira.

"Wautenga kuti wonsewu?" anafunsa Kamanzere.

"Mayi anga aang'ono amagwira ntchito kufakitale ya majuzi. Izi ndi zotsalira, amangotaya. Koma tizilukira m'nyumba, panja fumbi lingaudetse. Ndipo Azakhali akowo usawaonetse. Anthu oluka ali ndi dyera, angatilande."

Kamanzere anakoka ulusi wachikasu. Sunali wowongoka ngati wa Azakhali uja. Unali wopotanapotana ngati tsitsi lomwe angolimasula kumene, ndipo unkanunkhira sopo.

"Nanga wapotana chonchi bwanji?"

"Ndi mtundu watsopano, mbuli iwe. Ukufuna kapena ndibwerere nawo?"

Kamanzere anaufuna. Ankaluka m'chipinda chitseko atatseka, pakati pachikasu, kenako chotuwa, m'mphepete chobiriwira. Tizigamba tinayamba kuunjikana m'chikwama cha pilo. Shuga yekha sanathe ngakhale kamodzi. Ankaluka mizere iwiri, n'kuyamba kufotokoza za mafoni ndi nsapato, n'kutuluka. Patapita masiku ankabwera ndi mpukutu wina.

3. Pachingwe

Pakati pa bwalo panali zingwe zoyanikapo zovala za nyumba zonse. M'masiku omwewo majuzi anayamba kusowa.

Zinayamba ndi timajuzi tachikasu ta ana a Mayi a Mapasa. Kenako juzi yotuwa ya Aphunzitsi, bambo odekha omwe ankakhala pafupi ndi geti. Kenako yobiriwira ya a Kondakitala. Malaya, masiketi ndi mabulangete sizinkasowa. Majuzi okhaokha.

Pabwalo panasintha. Munthu akayanika ankatulutsa mpando n'kukhala pomwepo mpaka zovala ziume. Ena anayamba kuyanika m'nyumba, pazitseko ndi pamipando, mpaka zipinda zinkanunkha chinyontho. Moni anafupika. Munthu akadutsa pansi pa chingwe atanyamula chikwama, makatani a m'mawindo ankagwedezeka.

Kenako maso onse anagwera Mayi Ochapa. Amenewa ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa mabafa, ndipo ankadya chifukwa chochapira anthu a pamdadadawo.

"Zovala zathu amazidziwa ndani kuposa iwowa?" Mayi a Mapasa anakuwa ali pampopi. "Amadziwa yomwe ili yatsopano, amadziwa yomwe ili yodula!"

Mayi Ochapa anawongoka pabeseni, thovu lili mpaka m'zigongono.

"Inu Make Mapasa, ndakuchapirani matewera a ana awiri chibadwire chawo. Bwanji sindinabe tewera? Ndibe juzi kutentha konseku, ndikaivalire kuti?"

"Mwagulitsa!"

A Kondakitala ndi azimayi ena analowa m'kachipinda kaja ndi nsapato zawo. Anatembenuza matiresi, anakhuthula makatoni. Sanapeze kanthu. Koma zimenezo sizinawathandize Mayi Ochapa. Anthu anangoti mbala yochenjera sisunga katundu pakhomo.

Eni nyumba ataitanidwa, sanafune kumva zambiri.

"Ine anthu anga onse asandithawe chifukwa cha munthu mmodzi," anatero akuseweretsa makiyi. "Loweruka ndibweranso. Majuzi akapanda kuoneka, ndidzapeze chipinda chija mulibe munthu."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anawapatsanso Mayi Ochapa zovala. Mabeseni awo anakhala ovundikira.

4. Mawu a Azakhali

Lachinayi tizigamba tinakwana, koma Kamanzere sankadziwa kulumikiza. Shuga nayenso sankadziwa. Choncho ananyamula chikwama cha pilo chija n'kupita nacho kwa Azakhali.

Azakhali anakhuthulira tizigambato pabedi. Sanayamikire. Anatenga kamodzi, anakatembenuza, n'kugwira kamchira ka ulusi komwe kanali kulendewera pangodya. Anakakoka, n'kukasiya. Kamchirako kanabwerera n'kupotana. Anakanunkhiza.

"Tseka chitseko. Ulusi uwu wautenga kuti?"

Kamanzere anafotokoza za Shuga, za mayi ake aang'ono ndi za fakitale.

"Fakitale yotulutsa ulusi wonunkhira sopo?" Azakhali anamuyang'ana m'maso. "Khala pansi, undimvere bwino, chifukwa sindibwereza.

"Ulusi watsopano umakhala wowongoka. Ulusi ukapotana chonchi ndiye kuti unalukidwapo kale, unakhala pathupi la munthu, unachapidwa, unauma, kenako wina n'kuumasula. Kumasula juzi si mlandu. Ine ndamasula ambiri. Koma ndimamasula yanga, kapena yomwe mwini wake wandipatsa dzuwa likuwala. Tsopano iwe tayang'ana pabedipa. Chikasu. Chotuwa. Chobiriwira. Pabwalo pano pasowa majuzi amitundu yanji? Usandiyankhe, ndikuona kuti ukudziwa.

"Unali ndi maso pamene unkaulandira. Unaona kuti wapotana. Mphuno unali nayo. Anakuuza kuti uzitseka chitseko, anakuuza kuti usandionetse ine. Chinthu chabwino chimabisidwa kwa azakhali ako? Koma unkaufuna, ndiye unangotseka maso n'kumaluka. Anthu ambiri amalowa m'mavuto choncho, mwana wa achimwene anga. Sakuba ayi. Amangolandira, n'kusankha kusafunsa kawiri. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera n'kuvina. Mnzakoyo manja ake ndi oyera, kwawo kulibe kachigamba ngakhale kamodzi. Umboni wonse wauluka ndiwe, mwaluso, n'kuusunga pansi pa mutu wako."

Kamanzere anayamba kulira.

"Misozi isunge, ingadzakuthandize kwina. Kuseri kwa mabafa kuli mayi amene Loweruka akugona panja. Alibe mwamuna, alibe m'bale m'tauni muno, ali ndi mabeseni basi. Akachoka pano ndi dzina la mbala, adzachapira ndani?"

"Ndiye mukanene ndinu, Azakhali."

"Ndikanene chiyani? Ine sindinamuone Shuga akukupatsa. Ndikayankhula ine, adzati nkhalamba ikuphimba mwana wa kwawo. Amene anaona ndiwe. Ndipo ndisakunamize kuti ukanena adzakuombera m'manja. Ena adzakutukwana, choyala chako chithera pomwepo, mwinanso adzakuganizira kuti wakuba ndiwe amene. Njira yosavuta ilipo, ndipo mnzakoyo adzakuonetsa. Tenga tizigamba tako. Ine ulusi wakuba sindilumikiza."

5. Njira yosavuta

Lachisanu masana Kamanzere anamupeza Shuga akupaka utoto zikhadabo pakhomo pawo.

"Fakitale ya mayi ako aang'ono ili kuti?"

"Kutali."

"Dzina lake?"

"Wasanduka wapolisi liti?" Shuga anaseka, akuuzira zikhadabo.

"Ulusi uja ndi wa majuzi a pachingwe."

Shuga anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera m'nyumba. Kutsekemera konse kunatha.

"Wauza ndani?"

"Azakhali azindikira okha."

"Ndinakuuza chiyani ine? Mutu ngati chitsa!" Kenako mawu ake anafewanso. "Tamvera, mnzanga. Poyamba ndinkafuna kugulitsa, koma juzi yathunthu mwini wake amaizindikira pamsika. Ulusi alibe nawo umboni. Ndimati iwe uziluka zoyala, ine ndizigulitsa, tonse tipindule. Ndimakuganizira, ukuona? Koma poti zavuta, galimoto ya zinyalala ibwera mawa m'mawa. Kulunga tizigambato m'pepala, uponye m'bini. Nkhani yatha."

"Nanga Mayi Ochapa?"

"Ndi mayi ako? Apeza kwina. Anthu ngati amenewo safa."

"Sanabe."

"Ndiye wakuba ndani? Ine?" Shuga anatambasula manja ake. "Fufuza m'nyumba muno. Ukapeza ulusi ngakhale wotalika ngati chala, undimenye. Tizigamba tili kwanu. Woluka ndiwe. Aliyense pano amadziwa kuti mwana wofuna ulusi ndi Kamanzere. Uganize bwino, mlongo wanga."

Kamanzere anatuluka. Podutsa kumabafa anaona Mayi Ochapa akumanga mabeseni awo ndi chingwe, laling'ono m'kati mwa lalikulu.

"Iwe mwana," anamuitana. "Uwauze amayi ako abwere adzatenge ndowa yawo. Ndingachoke nayo, n'kudzawonjezera mlandu."

6. Loweruka

Galimoto ya zinyalala inabwera m'mawa. Kamanzere anatulutsa bini ya kwawo, anakhuthula, n'kubwerera nayo. Chikwama cha pilo chinatsala pabedi.

Dzuwa litakwera Eni nyumba anafika ndi loko watsopano m'manja. Anthu anatuluka m'zipinda n'kuima mozungulira mpopi. Amayi nawo anatuluka, akupukuta manja. Katundu wa Mayi Ochapa anali kale panja: matiresi opinda, makatoni ndi mabeseni aja.

"Majuzi aoneka?" anafunsa Eni nyumba.

"Sindinawatenge, ndiye sindingawaonetse," anayankha Mayi Ochapa.

"Basi, bweretsani kiyi."

Pamenepo Kamanzere analowa m'nyumba, n'kutuluka atakumbatira chikwama chija. Anadutsa pakati pa anthu, n'kukhuthulira tizigamba tonse pasimenti ya pampopi.

"Majuzi anu ndi awa," anatero.

Anthu anayang'anizana. A Kondakitala anaseka.

"Mwana uyu wadwala? Juzi yanga inali ndi mikono!"

Kamanzere anatola kachigamba kamodzi, anamasula mfundo ya pangodya, n'kuyamba kukoka. Timizati tinagwa kamodzikamodzi. Ulusi wobiriwira unaunjikana pansi, wopotanapotana. Kenako wotuwa. Kenako wachikasu.

Mayi a Mapasa anawerama n'kutola wachikasuwo. Anauika pamphuno.

"Mayo ine! Ndi sopo wanga uyu. Ana anga!"

Aphunzitsi anavala magalasi n'kuyendetsa ulusi wotuwa pakati pa zala. Pena panali kachidutswa kakuda komangirira.

"Apa ndi pomwe akazi anga anasoka chigongono chitabooka," anatero motsitsa. "Analibe ulusi wofanana."

"Iwe!" Amayi anamugwira Kamanzere paphewa. "Wazitenga kuti zimenezi?"

"Anandipatsa ndi Shuga. Anati ndi zotsalira za kufakitale. Ndinaona kuti wapotana koma sindinafunsitse. Dzulo wandiuza yekha kuti amachotsa pachingwe n'kumasula. Mayi Ochapa sakudziwapo kanthu."

Phokoso linabuka. Ena ankati mwanayo wachita bwino, ena ankati wadziwa kalekale n'kukhala chete. Eni nyumba anayang'ana loko wawo, kenako anayang'ana Mayi Ochapa.

"Mayi, bwezerani katundu m'nyumba. Zinangolakwika."

"Zinangolakwika?" Mayi Ochapa sanasunthe. "Katunduyu sanatuluke yekha. Amene munalowa m'chipinda changa ndi nsapato, mukakolope kaye, kenako munyamule matiresiwa mukawabwezere pomwe munawapeza. Make Mapasa, inu muyambe ndi mabeseni."

Mayi a Mapasa anawerama. Ananyamula mabeseni.

7. Pansi pa bedi

"Nanga Shugayo ali kuti?" anafunsa Eni nyumba.

Anthu anatembenukira kuchitseko choyang'anana ndi mpopi. Chinali chotseka. A Kondakitala anagogoda, koma munalibe munthu.

"Ndili pano."

Shuga anatulukira kumbuyo kwa gulu. Anthu onse anali atayang'ana kwina, koma Kamanzere anaona komwe anachokera. Anachokera mbali ya khomo la kwawo kwa Kamanzere, lomwe linatsala lotsegula chiyambire phokoso.

Shuga anagwada pamaso pa Eni nyumba, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, ine ndine mwana wokhala ndekha, achimwene ali pamsewu, ndiye aliyense akhoza kundinamizira. Ine kuluka sindidziwa. Afunseni onsewa ngati anandionapo ndi singano panja. Ndinkangopita kwa Kamanzere kukacheza. Ndinamupeza akumasula juzi, anandilumbiritsa kuti ndisanene. Kafufuzeni kwathu, kiyi ndi uyu. Mukatero mukaonenso pansi pa bedi lake."

"Bodza!" anakuwa Kamanzere. "Wangochoka m'nyumba mwathu pompano! Ndamuona!"

"Wamuona ndani wina?" anafunsa a Kondakitala.

Panalibe wina amene anamuona.

Azakhali anabwera kudzaima pambali pa Kamanzere. Amayi anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Kwathu sikulowa munthu ndi nsapato," anatero. "Ndikayang'ana ndekha. Aphunzitsi, bwerani muime pakhomo muone."

Gulu lonse linawatsatira mpaka pakhonde. Amayi analowa kuchipinda, anagwada pambali pa bedi la Kamanzere, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Anapapasa. Kenako dzanja lawo linaima.

Anakoka pang'onopang'ono. Panatuluka thumba la pulasitiki, ndipo pakamwa pa thumbalo pankalendewera mkono wa juzi yotuwa, womasulidwa mpaka pakati.

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Mkono umenewo ndi wanga," anatero.

Eni nyumba anatembenukira kwa Kamanzere, loko uja akadali m'manja.

"Bambo ako aweruka nthawi yanji? Za nyumba yanuyi ndikambe ndi iwowo."